Misomali ya Apongozi

Dzuwa la Okutobala litafika paliwombo, khoma linayamba kulira. Tha! Tha! Grey, amene ankangofika kumene kuchokera kokagula misomali, anagwetsa njinga n'kuthamanga. Matabwa a pulasitiki amene anakuta nawo kunja kwa ofesi ya esiteti ya fodya ku Lisasadzi anali atapindikapindika ngati mphasa yonyowa. Ena anali atang'ambika.

Mtima wake unangoti myu! Matabwawo anachokera ku Joni, ndipo mwini esiteti, mayi Fainala, anali atamulonjeza ntchito yokuta nyumba zina zinayi akaigwira bwino ntchito iyi. M'dera lonselo ndi Grey yekha amene ankadziwa kakhomedwe kake, poti anaphunzira ku Joni komweko. Msomali umalowa pakati pa bowo koma osaumiza mpaka mutu, kuti pulasitiki ikafutukuka ndi dzuwa izitha kuyenda. Anakhudza msomali umodzi. Unali utamira mpaka mutu. Wina, chimodzimodzi. Khoma lonse, abale!

Pansi pa mtengo wa mango panakhala a Moffat, apongozi ake, hamala ili pamwendo. Anali mmisiri wakale wa zigafa za fodya ndi madenga a malata. Grey anawatenga kuti azimuthandiza chifukwa mkazi wake Ezelina anachita kuchonderera. Nanga munthu wa pachikamwini, wolima munda wa eni, akanakana bwanji?

"Bambo, kodi misomaliyi..."

"Ndakumalizirani ndine, akamwini," anatero a Moffat. "Mumakhoma ngati simunadye. Mphepo ya kuno mumaidziwa inu? Ikanabwera ndi mvula yoyamba, zonsezi tikanakazitola ku Lifupa."

"Paja ndinanena kuti isamire, bambo."

"Mumauza ndani? Ine ndinayamba kukhoma inu musanamere mano. Katundu wakeyu ndiye wachabechabe."

Grey anayang'ananso khomalo. Safunsa anadya phula, inde, koma mawu amenewo angauze apongozi ndani? Nthawi yomweyo galimoto ya mayi Fainala inatulukira m'fumbi.

Mayiwo sanapereke n'komwe moni. Anayenda m'mbali mwa khoma, dzanja lili pakamwa. Matenanti amene ankathirira nazale anasiya ntchito n'kubwera kudzaonerera.

"A Grey, si inu munandiuza kuti zimenezi mumazidziwa? Wakhoma apa ndani?"

Grey anayang'ana apongozi ake. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Kuwatchula pagulu, matenanti akumva, kunali kuwavula, ndipo Ezelina akanalowa pati ndi manyazi? Koma kuvomera kunali kutaya ntchito ndi dzina lomwe. Anadikira kuti mwina mkuluyo atsokomola n'kunena yekha. Ayi ndithu.

"Ndine, mayi. Ndalakwitsa."

"Ha! Kuchenjera pakamwa basi, m'manja mulibe kanthu! Nyumba zija muiwale. Ndipo aliyense wodzandifunsa za inu, ndidzamubweretsa pano adzaone yekha." Kenaka anatembenukira a Moffat. "Bambo, inu ndinu akale pantchito. Matabwa ena atsala m'sitolo. Mungandikonzere khomali?"

Grey anadzutsa mutu. Mpata ndi umenewo tsopano, anatero mumtima, anene zoona. A Moffat anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Tiyesetsa, mayi. Ana a masiku ano amapupuluma."

Mmodzi mwa matenanti anaseka. Grey anamva kutentha m'makutu. Kuchotsedwa ntchito kunamuwawa, koma mawu amenewa ndi amene anamulasa mumtima.

Galimoto itapita, anthu n'kubwerera ku nazale, a Moffat anasendera pafupi, mawu ali pansipansi.

"Mwachita zaulemu, akamwini. Madzi akatayika saoleka. Mawa mulawire, mudzandisonyeze kakhomedwe kake kaja. Ntchito sinachoke pabanja iyi."

Grey anayamba kulonga zida zake m'thumba. Atamanga thumbalo anawongoka.

"Mawa sindipezeka, bambo. Ndikupita ku Njombwa kwa amalume. Loweruka abwera kwanu kudzapempha kuti Ezelina ndi ana ndiwatenge, tizikakhala kwathu."

"Aa! Chifukwa cha misomali?"

Grey anawomba m'manja mwaulemu, monga ayenera mkamwini, n'kunyamuka.