Pijo pa Dzenje Lakale

Pijo ya amuna anga, a Whyson, ndi yakale kuposa Monde, mwana wathu woyamba, amene tsopano ali ndi imvi. Ndi 404 yoyera, ya nyali zozungulira. Inakhala zaka zambiri pa yadi pathu ku Kanyama osayenda, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Koma mdzukulu wathu Belinda atanena za ukwati wake, mdalayo analumbira kuti mkwatibwi apita kutchalitchi pa galimoto imeneyi basi.

Injini yake inafa kalekale. A Dixon, makaniko wa kuseri kwa msika, anapeza ina ya dizilo, yochoka m'vani imene inagubuduzika pa msewu wa ku Mumbwa. Anyamata amene anaibweretsa pa ngolo anafika thukuta lili kamukamu.

"Kodi chinthu cholemera chonchi chilowa m'kagalimoto aka?" ndinafunsa.

"Ambuya, musavutike," anatero a Dixon. "Izangena monga mwendo mu nsapato."

Unali mwezi wa February, ndipo kutsogolo kwa nyumba kunali madzi okhaokha. Choncho anakankhira Pijo kuseri, pamene pali pokwererapo ndiponso pouma chifukwa cha phulusa ndi zidutswa za mabuloko zimene takhala tikutayapo. Anachotsa matayala akutsogolo n'kukhazika galimoto pa mabuloko a simenti. Pamwamba pake anaimika mapaipi atatu achitsulo okumana nsonga, n'kupachikapo tcheni chokwezera. Injini yakale inatuluka bwinobwino. Tsiku lotsatira m'mawa, yatsopano inali lende pamwamba pa galimoto.

Ine ndinali kuchapa pakhomo. Ndinawaona a Whyson akuyala katoni pansi.

"Atate ake Monde, mukupita kuti?"

"Pansi. Pafunika munthu woyang'ana kuti injini ikumane ndi giyabokosi."

"Munthu wake ndinu? Pogwada kutchalitchi mumachita kudzutsidwa."

"Galimoto iyi ndimaidziwa kuposa mmene ndimakudziwira iwe," anatero, nakwawira pansi chagada mpaka kunatsala mapazi okha.

Ndinabwerera ku zovala zanga. Tcheni chinali kulira pang'onopang'ono, a Whyson akufuula kuti, "Tsitsa! Imani! Kumanzere pang'ono!" Kenako ndinamva fungo. Fungo limenelo aliyense wa m'komboni amalidziwa. Ndinaganiza kuti chimbudzi cha aneba chasefukira ndi mvula. Ndisanaweramuke, kunamveka phokoso ngati ng'ombe yagwa m'matope, ndipo a Dixon anakuwa.

Ndinathamangira kuseri. Paipi imodzi inali italowa m'nthaka kufika pafupifupi m'bondo, ndipo mapaipi onse anali atapendama. Injini inali itagwera m'galimoto chopendekera, mbali ina ili pa tcheni. Mabuloko a kumanzere anali atamira, galimoto yagwada. A Dixon anali atatsamiza phewa pa paipi yomirayo, mapazi atawaponda pa maziko a mpanda, mitsempha ya m'khosi ili panja.

Pafupi ndi phazi langa nthaka inali itang'ambika, ndipo mumng'aluwo munali kutuluka mphemvu zambirimbiri ndi madzi akuda. Apo ndinazindikira. Kuno chimbudzi chikadzaza timachiphimba ndi malata akale, n'kuthirapo dothi ndi zinyalala, kenako timakumba china pambali. Zaka zikapita, palibe amakumbukira kuti dzenje liti linali pati. Pamalo pamene panaoneka pouma kuposa ponse, pansi pake panali dzenje, malata ake atawola ndi mvula.

Ndinagona pamimba m'matopemo. "Atate ake Monde!"

Ndinamva kamawu kakang'ono. "Amake Monde... pachifuwa."

Chitsulo cha pansi pa galimoto chinali chitawapana paphewa ndi pachifuwa. Anali kupuma pang'onopang'ono ngati nkhuku yogwidwa pakhosi. Maso awo anali pa ine.

"Ambuya," anatero a Dixon mano atalumana, "nikasiya iyi paipi, injini yonse izagwela pali beve. Siningachoke pano. Tengani jeke, ili pafupi na vipanela."

Jeke yake inali ya botolo, yopopa ndi kachitsulo. Ndinaikankhira pansi pa galimoto pamene anandiuza, n'kuyamba kupopa. Kachitsulo kanandipulumuka kawiri. Ndinapopa, ndinapopa. Galimoto sinasunthe. Jeke ndiyo inali kulowa m'dothi ngati mtengo wa chinangwa.

Ndinakuwa. Sindikumbuka mawu ake, koma ndinakuwa monga timakuwira maliro.

Ku komboni mfuu sichedwa kuyankhidwa. Oyamba kufika anali a Sophie, neba wathu wogulitsa vitumbuwa, manja ali ufa wokhawokha. Pambuyo pawo panabwera anyamata otsuka mabasi, amayi ochokera kumpopi, ngakhale oledzera a pa shabini. Onse anathamangira pa galimoto.

"Tiinyamule chabe!" anafuula mnyamata wina wamtali, Chilekwa, amene amaitanira mabasi pa siteshoni. "Imwe gwilani uko! Bamuna bonse bwelani!"

Anthu abwino, ndithu. Koma aliyense amene anaponda pamenepo anawonjeza kulemera. Ndinaona mng'alu ukukula, ukuyenda pansi pa mapazi awo. Buloko lina linatsika, galimoto inalira, ndipo pansi pake a Whyson anabuula kubuula kumene sindinakumvepo m'zaka zonse za ukwati wathu.

"Chokani!" ndinakuwa. "Pali dzenje pansi! Mukuwapha!"

"Ambuya basokonezeka na mantha," anatero Chilekwa. "Bachoseniko. Tiyeni, bakaamba!"

Ndinatola kachitsulo ka jeke n'kumumenya nako pamsana. Anatembenuka kukamwa kuli yasa.

"Ah! Ambuya, nabwela kutandiza!"

"Thandiza uli kumpanda uko! Nonse! Amene aponde pano ndimuswa mutu!"

Anabwerera m'mbuyo akung'ung'udza. Wina anati aimbire a zozimitsa moto. Wina anamuyankha kuti ndi madzi amene ali mumsewu, afika ukwati wa Belinda utatha. Palibe anaseka.

Pamalo panatsala ine, a Dixon ndi mapazi a amuna anga. Phazi limodzi linali litavuka nsapato. Linali kugwedezeka, kenako linaleka.

"Atate ake Monde, lankhulani!"

Zii.

"Ambuya, mapewa yasila," anatero a Dixon. Miyendo yawo inali kunjenjemera, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. "Fakani chintu pansi pa jeke. Pulanga, chilichonse chikulu."

Thabwa ndikanalipeza kuti? Nkhuni timagula, bedi lathu ndi lachitsulo. Ndinayang'ana uku ndi uku, maso anga n'kugwera pa chitseko cha nyumba. Ndi cha mtengo wa mukwa, chokhuthala, a Whyson anachigula kwa kalipentala wa ku Matero tisanamange n'komwe nyumbayo. Chimangokhala pa mahinjesi, ukachikweza m'mwamba chimachoka.

"A Sophie! Chilekwa! Zulani chitseko icho!"

Chilekwa, msana ukumuwawa, anachizula yekha ngati akuzula chimanga. Sindinamulole kufika nacho pa galimoto. Anachigoneka pansi patali, ine ndi a Sophie tinachikankha chokwawa, mpaka mutu wake unalowa pansi pa galimoto, pambali pa a Whyson, mbali ina itatsamira pa nthaka yolimba. Ndinafukula jeke m'matope ndi zala, chikhadabo chimodzi n'kutsalira momwemo. Ndinaikhazika pa chitseko.

Tsopano ndinagona pachitsekopo, mutu wanga uli pansi pa galimoto. Injini inali pamwamba panga, mafuta akuda akundidonthera pakhosi. Ndinkamva tcheni chikulira chokha, kamodzikamodzi. Ndinaganiza kuti chikaduka, Monde aika makolo onse awiri tsiku limodzi. Ndinapopa.

Chitseko chinalira, chinapindika pang'ono, koma sichinamire. Jeke inagwira chitsulo. Ndinapopanso. Mkono wanga unatha mphamvu, ndinayamba kukankha ndi thupi lonse. A Sophie kumbuyo kwanga anali kupemphera mofulumira, Chibemba ndi Chinyanja pamodzi.

Galimoto inakwera mwina kutalika kwa chala. Kenako zala ziwiri.

A Whyson anakoka mpweya ndi phokoso ngati mpopi umene wabwera madzi patapita sabata. Anatsokomola.

"Iwe," ananong'ona, "usakande penti."

"Khalani chete! A Sophie, gwirani miyendo!"

"Nizabatyola, ambuya!"

"Athyoleni, tikamanga kuchipatala. Kokani!"

Katoni imene anayala ija ndiyo inatithandiza. A Sophie anagwira mapazi, ine ndinabwerera m'mbuyo n'kugwira lamba wa buluku, ndipo mdalayo anatsetsereka pa katoniyo ngati thumba la makala. Anakuwa pamene phewa linadutsa pa chitsulo. Sitinaleke kukoka mpaka tinafika pa mpanda, pamene manja ambiri anatilandira.

"Ba Dixon, siyani! Jumpani!" anakuwa Chilekwa.

A Dixon anadziponya cham'mbali. Mapaipi anagwa, injini inagwera m'kati ndi kulemera kwake konse. Chitseko changa chinathyoka pakati ndi phokoso ngati mfuti. Nthaka inatseguka, ndipo Pijo inalowetsa mutu m'dzenje mpaka pa galasi lakutsogolo, matayala akumbuyo ali m'mwamba. Madzi akuda anadzaza pamene mutu wa a Whyson unali. Katoni ija inayandama pang'ono, kenako inamira.

Ndinakhala pansi m'matope, maso ali pamenepo. A Sophie anandifunditsa chitenje chawo. A Dixon anakhala pansi atatsamira mpanda, manja akulephera kutsika, akungobwereza kuti, "Panali pouma. Ambuya, munaona mweka, panali pouma."

Palibe galimoto ikanalowa m'njira mwathu ndi madzi aja. Tinawagoneka a Whyson mu wilibala ya wogulitsa makala, mkono wawo umene unathyoka titaumanga ndi mpango wanga. Chilekwa ndiye anakankha, madzi akumufika m'mawondo, kulunjika kumsewu waukulu kumene tikanapeza takisi ya kuchipatala. Ine ndinali pambali nditagwira dzanja lawo labwinolo. Linali lozizira. Ndinkayang'ana chifuwa chawo njira yonse, kuopa kuti chileka kukwera.

Tili pafupi ndi msewu anatsegula maso.

"Amake Monde."

"Ndili pano."

"Ndani akulondera injini? Anyamata aja aba sitata."

"Amene alowe m'dzenje lija kukaba sitata, ndimupatsa ndi nkhuku yomwe."

Anayesa kuseka, koma ululu unawagwira, nkhope n'kuchita tsinya. Anafinya dzanja langa.

"Nanga Belinda?"

"Belinda akwera basi ngati anzake. Chimene akufuna ndi agogo ake pa ukwati, osati chithunzi chawo pakhoma. Pumani, musalankhule."

Wilibala ikugwedezeka pa miyala, anafunsanso.

"Wakhoma nyumba?"

"Ndikhome chiyani?" ndinatero. "Chilekwa, fulumira, iwe. Taona milomo yawo yayamba kutuwa."