Giyabokosi ya Alamu

Makaniko anadziwa tsiku loyamba lomwelo kuti galimotoyo inalibe vuto. Chimene chinamusowa ndi pakamwa pouzira mwini wake.

Mwini wakeyo anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono. Analowa pagalaja Lolemba m'mawa, pikapu yake yadizilo ikudumphadumpha, magiya akulira ngati munthu akutafuna mchenga. Anatsika atagwirira chitseko, n'kumenya boneti ndi chikhatho.

"Alamu, nkhalambayi yayamba mwano. Giya yachiwiri ikukana, yachitatu ikulowa mochita kukuwa. Itsitseni giyabokosi, muitsegule."

Makaniko anaika sipanala pansi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pikapu imeneyi inali itanyamula matabwa, simenti, malata, ndi mabedi a anthu osamuka. Injini inapangidwapo kawiri, chitseko chakumbuyo chinkagwira ndi waya, koma giyabokosi inkangomwa oyilo basi, osaona sipanala. Mlamuyo ankaitama mpaka anzake a pamalo odikirira katundu anatopa naye. Galimoto zosintha zokha magiya ankati ndi za anthu amene anabadwa atatopa kale.

Makaniko anaitenga pikapuyo n'kukazungulira nayo kumsika wa matabwa. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zonse zinkalowa ngati dzanja m'thumba. Atabwerako anati, "Tayendetsani inuyo, ndimve bwino," iye n'kukhala pambali. Sanayang'ane msewu. Anayang'ana mapazi.

Phazi lakumanzere linkaponda kilatchi mpaka pakati, n'kuima pomwepo likunjenjemera, dzanja n'kumakankha giya ngati phazilo lafika pansi. Miyezi isanu mmbuyomo mlamuyo anadwala sitiroko. Kuchipatala anati yamudutsa pang'ono chabe, ndipo zoonadi ankayankhula bwino, kudya bwino, kungoti poyenda mwendowo unkatsalira pang'ono. Palibe amene anaganiza za kilatchi.

Pomwepo ndi pamene anayenera kunena. Koma makaniko ameneyu, yemwe anthu osawadziwa amawauza mosapsatira kuti galimoto yawo yangotsala kukagulitsa kwa ogula zitsulo, tsiku limenelo lilime linamulemera.

"Isiyeni tione," anatero.

Masana kunabwera mlongo wake. Anaima pakhomo la galaja atapinda manja, osafuna ngakhale mpando.

"Achimwene, dzulo pamphambano galimotoyi inadumpha yokha, pang'onong'ono kugunda mayi wina wa panjinga. Ine ndinali momwemo. Mwendo uja ndauona. Musawabwezere."

"Ndiye ndiwauze?"

"Ayi. Bambo aja chimene chinawadzutsa pamkeka ndi galimotoyi. Akamva kuti vuto ndi iwowo, agona osadzukanso. Muziti sipeya mukudikira."

Munthu wina akanangoikankhira pikapuyo kuseri, n'kuifunditsa lona. Koma makaniko bodza la pakamwa silinkamukhala, ndiye anaganiza zolifunira umboni. Anati akaitsegula giyabokosiyo mwina apezamo kanthu, dzino limodzi lobenthuka, kapena beringi yotopa, kuti akamanena kuti pali vuto azinena zoona. Apa ndi pamene analakwitsa.

Anaitsitsa yekha, n'kuimasula tsiku lonse. Chitsulo chilichonse anachitsuka m'palafini, n'kuchiyala pansalu yoyera patebulo lakumbuyo, motsatana mmene zinatulukira. Anayang'ana dzino ndi dzino ndi tochi. Sanapeze kanthu. Mlamu wake sanali woyendetsa wamba: sankasiya dzanja pagiya, sankakokera katundu pagiya yolakwika, oyilo sankadutsitsa tsiku lake. Ngakhale kukukuta kwa miyezi yapitayi kunangosiya timizere tosaoneka bwino. Makaniko anakwiya nazo zitsulozo. Munthu wa magazi watha mbali imodzi, izo zili gwa, zonyezimira ngati zagulidwa dzulo.

Anazifunditsa nsalu ina. Mlamuyo ankaimba foni tsiku lililonse, yankho n'kukhala lomwelo, sipeya sinafike.

Lachinayi la sabata lachitatu, makaniko ali pansi pa galimoto ya munthu wina, anamva mapazi akudutsa, limodzi loponda, lina lokwekwesa. Mmene ankatuluka n'kupukuta m'manja, n'kuti mlamuyo atafika kale patebulo lakumbuyo. Nsalu inali pambali. Anali atavala magalasi ake owerengera, akunyamula giya imodzi imodzi, kuyendetsa chala chachikulu pamano ake, kuitembenuzira kuzenera, n'kuibweza pamalo pake.

Anamaliza zonse, osafulumira.

"Yothyoka ndi iti, alamu?"

Makaniko anapitiriza kupukuta m'manja.

"Sipeya mukudikirayo ndi yolowa pati? Ndionetseni."

"Alamu, tiyeni tikhale kaye pansi."

Mlamuyo anakhaladi, patayala lakale limene linali pafupi. Anavula magalasi n'kuwaika m'thumba la malaya. Kenako anawerama n'kuvula nsapato yakumanzere.

"Gwadani apa. Ikani chikhatho chanu kuphazili, mulimbe ngati kilatchi."

Makaniko anagwada pasimenti ya oyilo, n'kuika dzanja. Mlamuyo anagwira tayala mbali zonse ziwiri, n'kukankha. Mitsempha ya m'khosi inaima, thukuta linatuluka pamphumi, mpweya unkatuluka ndi mluzu. Dzanja la makaniko linasuntha pang'ono chabe. Mwana wa zaka zisanu akanalikankha kuposa pamenepo.

"Ndafika pansi?"

"Mwatsala pang'ono."

"Mwandinamiza masabata atatu. Akwana. Ndafika pansi?"

"Simunafike, alamu. Ngakhale pakati simunafike."

Phazilo linakhalabe m'dzanja mwake, lofunda, likunjenjemera. Makaniko anamva chisoni chimene sanachimvepo pantchito imeneyi, ndipo anachita manyazi, chifukwa umboni wonse anali atauyala yekha patebulo, wotsuka bwino, kuti munthu adzadziwerengere.

"Ine ndimamva ngati ndaponda mpaka pansi," anatero mlamuyo motsitsa mawu. "M'mutumu ndimamva chitsulo chikugunda."

Panja wina ankaliza hutala kufuna kupopetsa tayala, kenako anatopa n'kupita.

Mlamuyo anatola nsapato n'kuyesa kuivala. Chidendene chinkakana kulowa. Anayesa kachiwiri, nsapato n'kugwa chammbali. Makaniko anaitola, anamasula zingwe, anamuveka, n'kumanga. Munthu amene moyo wake wonse ankakweza yekha matumba a simenti anangoyang'ana kumbali, n'kumusiya amange.

Ataimirira, mlamuyo anapita pamene panali pikapu, yokwezedwa pamatabwa, n'kusuzumira pazenera. Pamalo pa giya panali bowo loonetsa simenti ya pansi. Anachotsa kiyi wake pa mulu wa makiyi a kunyumba, zala zikulimbana ndi kawaya, n'kumuika pampando.

"Muimange bwinobwino. Ilibe mlandu."

"Ndikuperekezeni kunyumba?"

"Ayi, ndiyenda. Ndiyambe kuzolowera."

Pakhomo la galaja anaima, osacheuka.

"Mlongo wanu ndi amene anakutumani, eti?"

"Ankakuoperani, alamu."

"Ndikudziwa. Mmawa uliwonse amandifunsa ngati sipeya yafika, nkhope ili gwa, ngati sakudziwa kanthu. Akuyesetsa mayi uja." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Musamuuze kuti ndinabwera. Ndikakuimbirani mawa iye ali pompo, mudzandiyankhe monga mwa masiku onse."