Chipsera cha a Efulemu

Inu ophunzira, tandimasulirani chilape ichi. Munda wanga umakwana m'manja. Muli chimanga chimodzi, nsawawa imodzi, nyemba imodzi. Sumera, koma umadzutsa akufa. Mwagonja? Khalani pansi.

Amuna anga a Efulemu anandisiyira chithunzi chimodzi chokha. Chiswe chinadya phewa, denga lodontha linadetsa nkhope. Chaka chomanga chiliza chawo, zipani za ndale zitamera kale ngati bowa, ana anati chithunzicho chikulitsidwe. Ndinanyamuka ku Mitundu kupita ku Nathenje kwa Ilham, mayi wojambula zithunzi amene anali ndi kompyuta. Anandiperekeza ndi Gilibati, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira kompyuta mumzinda milungu itatu yathunthu.

Ilham atalowetsa chithunzicho m'makina, pepala lofumbwalo linathetheka pankhope penipeni. A Efulemu anatsala m'kompyuta mokha.

Nayo kompyutayo inali yolumala. Fumbi la pamsewu linapha mabatani ena a pa kiyibodi, aja amadinidwa awiriawiri. Ndiye Ilham anatenga kachipangizo kamene ana ake ankaseweretsa magemu, n'kuphunzitsa batani lililonse ntchito yake. Kuti zala zisamasokere maso ali pagalasi, anamata mbewu pamabatanipo. Chimanga chowalitsira, nsawawa yofufutira, nyemba yobwezera chimene walakwitsa. Munda uja ndi umenewo.

Ndinakhala pambali pake mmawa wonse. Ankachotsa madontho pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga. Atafika pamwamba pa diso lamanzere anaima.

“Amayi, ichi ndi litsiro kapena ndi chawo?”

“N'chawo, mwanawe. Nkhwangwa inawadumphira ku Dzalanyama tili pa ubwenzi. Ndinawamanga ndi mpango wanga, ukwati unayambira pamenepo.”

Anachilambalala. Ndinaganiza kuti munthu akapita, sitimusowa pamene panali posalala ayi. Timamusowa pamene panang'ambika ife tilipo.

Nthawi ya swala itakwana, Ilham analowa kuchipinda kukapemphera. Gilibati anakhala pampando paja msangamsanga.

“Azakhali, ntchito ya mphindi zisanu akuichita ngati akulima dimba. Kompyuta amamatapo ndiwo? Taonani eni ake.”

“Iwe, zisiye.”

“Ine izi ndimazidziwa ndili mtulo.”

Azimayi ogulitsa tomato anabwera kudzasuzumira pakhomo, mnyamata n'kufufuma ngati nkhukutembo. Anadina nsawawa. Chipsera chija, psiti! Anadinanso, nsidze inapita. Pofuna kukonza anakanikiza chimanga, a Efulemu n'kuyera mbuu ngati agwera m'chigayo. Pagalasi panali mlendo. Ndinadzifunsa: zidzukulu zanga zidzalira munthu uyu?

“Musadandaule, pali njira yachidule yobwezera,” anatero, mawu atachepa. Anathamangira pa kiyibodi, zala ziwiri pa mabatani akufa aja. Zii. Anadinanso. Anapemererapo mpweya. Anagwedeza waya. Thukuta linkadonthera pa malaya ake ositidwa.

Ine sukulu ndinalekera pomwe aphunzitsi anayamba kufunsa mafunso, koma nyemba ndimaidziwa. Ndinamulanda kachipangizo kaja, n'kudina ndi chala changa chosendera nsawawachi. Kamodzi, khungu linabwerera. Kachiwiri, nsidze. Kachitatu, chipsera cha ku Dzalanyama chija, chokhota monga kale. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali.

Ilham anatulukira akukonza mpango wake. Anayang'ana galasi, anayang'ana Gilibati.

“Achimwene, mwatuluka thukuta chonchi, mumasenza matumba?”

“Ayi, kungoti kompyuta zanu zakumudzi...”

“Mukhululukireni,” ndinatero. “Kusukulu kwawo anaphunzira milungu itatu. Phunziro la nyemba linali mlungu wachinayi.”

Azimayi a tomato aja anachita kugwirana kuseka, wina mpaka kukhala pansi. Pamene tinkatuluka, mmodzi anathamangira Gilibati atafumbata nyemba.

“Tengani aphunzitsi, mukawerengere mayeso!”