Pichesi wa pa Bwinja

Monika anatulukira kuseri kwa khola akuthamanga, nkhwangwa ili m'manja, duku litagwera m'khosi. Mayi wa ana anayi, wathupi lake ndithu, koma m'mawa umenewo analumpha mizere ya anyezi ngati kamtsikana ka ku pulayimale.

"Amayi, tulukani. Mtengo wa Tikondwe wachita maluwa."

Mlongo wake, Godfrey, anali pakhonde akulongedza chikwama kuti abwerere ku Linthipe, kumene ankagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda bambo awo, a Gerevazio. Nkhuni zonse zinali zitathera pamaliro, n'chifukwa chake Monika anapita ku bwinja, pamene panali nyumba yawo yakale, kukagwetsa pichesi wouma uja.

M'nyumba munamveka mphasa ikukhwekhwereza. Amayi awo, a Magadalena, amene kwa masiku atatu sanalawe ngakhale phala, anaima pakhomo atagwira chitseko.

"Wati chiyani?"

Kuti mumvetse chimene chinawadzutsa mayi ameneyu, muyenera kuwadziwa a Gerevazio. Mkuluyu anasiya tchalitchi zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, sabata imene anaika m'manda mwana wawo wotsiriza, Tikondwe. Ansembe anabwera, akuluampingo anabwera, a mphakati, gulu lopempherera limodzi m'mudzimo, anachita kutha mapazi. Yankho linali limodzi lokha: "Ine ndimakhulupirira chimene ndachigwira ndi manja." Anali wouma mutu, tisabise, ngakhale apita. Ndipo anafera kudimba, pakati pa kabichi, popanda wansembe, osalapa. Pamaliro panalibe Misa, kwaya sinaimbe. Katekisiti anangonena pemphero lalifupi, anthu n'kuyamba kukwirira. Chiyambire pamenepo a Magadalena ankangofunsa khoma kuti, "Ali kuti a Gerevazio?" Ndipo sankafunsa za kumanda ayi.

Nanga mtengowo? Pamenepo ndi pamene anakwirira mchombo wa Tikondwe atabadwa, n'kudzalapo pichesi. Mwanayo atamwalira, a Magadalena sanapondenso ku bwinja. Patapita zaka mtengo unayamba kuuma, ndipo zaka zisanu zathazi sunaonetse duwa ngakhale limodzi.

Anathamangira onse. Mphepo ya mu Ogasiti inkatsika m'mapiri a Bembeke ikuluma makutu, koma palibe anakumbuka juzi. Mtengo unali mbuu, makungwa ali ng'aa, nthambi zili gwa. Koma pamphanda, pamwamba pang'ono pa mutu wa munthu, kanthambi kamodzi kanali katadzaza maluwa ofiirira, njuchi ziwiri zikuzungulirapo.

A Magadalena anagwada pafumbi. Anaseka, analira, anasekanso.

"Awalandira kumwamba," anatero. "Mwana wapita kukawapempherera bambo ake, ndipo awalandira. Monika, ndili ndi njala."

Monika anawiritsa mbatata ya kachewere, amayi anadya mbale yonse n'kupempha ina. Nkhani inauluka. Isanakwane 10 koloko amayi a m'mudzi anali atafika kale, nthungululu zili pakamwa, ena akujambula pa foni. A Bonifasio, wapampando wa mphakati, anatumiza mawu kuti 3 koloko akhristu abwera kudzapemphera kolona pansi pa mtengowo. Mudzi umene dzana unali zii unachita ngati kukubwera ukwati.

Godfrey nayenso mtima unamugunda, asaname. Koma maso a mlangizi ndi ovuta, sasiya chinthu. Anthu atapita kukamwa tiyi, anagubuduza mtondo wakale, anauvundikira patsinde, n'kukwerapo. Pamene kanthambiko kanatulukira panali pomatidwa dothi losakaniza ndi ndowe, louma, lofanana ndi khungwa. Anakanda ndi chikhadabo. Pansi pake panali kachingwe ka pulasitiki kong'amba ku pepala la shuga, kokulunga mwaluso. Kumezanitsa. Kudula kanthambi ka mtengo wathanzi n'kukalowetsa pa tsinde la wina kuti kagwire. Ntchito imene iye amaphunzitsa alimi mwezi wa Julaye uliwonse. Anakandanso khungwa la tsinde: m'kati munali mobiriwira, mtengo sunafe wonse. Ndipo kadulidwe kake kanapendekera kumanzere. M'mudzi monsemo wamanzere wodziwa mpeni anali mmodzi.

Anamukokera Monika kuseri kwa khola.

"Achemwali, si chozizwitsa chija. Bambo anamezanitsa, mwezi watha, asanamwalire. Pulasitiki ilipo, ndaiona."

Monika anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndiye?"

"Ndiye anthu akubwera kudzagwadira pepala la shuga."

"Achimwene, amayi adya. Mbale ziwiri. Mwaona kapena simunaone?"

"Ndaona."

"Icho si choona?"

"N'choona, koma chachokera pa bodza. Choonadi n'chimodzi, achemwali. Mtengo suchita maluwa chifukwa munthu wamwalira."

"Nanga bwanji sanatuluke sabata yatha, bambo ali moyo? Bwanji atuluka lero, tsiku lenileni limene ine ndanyamula nkhwangwa? Mabuku anuwo akuti chiyani pamenepo?"

Godfrey akanatha kunena za kuzizira ndi masiku amene mphukira imatenga, koma za nkhwangwazo m'mabuku ake munalibe.

"Inu madzulo ano mukwera minibasi," Monika anapitiriza, mawu atatsika. "Wotsala ndi amayi ndine. Mukawalanda ichi, mundiuziretu chimene ndiwapatse mawa. Mwatengera bambo, kuuma mutu."

Zinamupweteka, chifukwa zinali zoona. Anaganiza zongotseka pakamwa. Kukhala chete si kunama, anadziuza choncho, ndipo anabwerera ku chikwama chake.

Koma itangodutsa 2 koloko amayi anamuitana. Anali atasamba, atavala chitenje cha Amayi Maria, kolona ili m'manja, nkhope ikuwala. Anamugwira dzanja n'kupita naye ku bwinja, Monika akutsatira pambuyo.

"Godfrey, mwanawe, iwe unaphunzira za mitengo. Anthu akafika, uime pano uwauze kuti mtengo uwu unali wakufa, ndipo palibe munthu akanaudzutsa. Mawu a ine nkhalamba adzati ndi chisoni. Ako adzawamva, ndipo a Bonifasio akawafikitsa kwa ansembe."

Monika anamuponda phazi mlongo wakeyo. Godfrey anayang'ana kanthambi kaja, anayang'ana amayi ake. Ankawakonda mayi ameneyu, ndipo ankachita mantha kuti mawa adzabwerera pamphasa paja osadzukanso. Koma kuima pamaso pa anthu, kolona zili m'manja, n'kunena chimene akudziwa kuti si choncho, zimenezo sakanatha.

"Amayi, sindingathe."

"Chifukwa?"

"Kanthambiko anaikapo ndi bambo. Anamezanitsa. Mpeni wawo ndauzindikira."

Kuwala kuja kunachoka pankhope pang'onopang'ono. Monika anatembenukira kumbali, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye palibe chizindikiro," amayi anatero.

"Za kumene ali bambo sindikudziwa, amayi. Chimene ndikudziwa ndi mpeniwo."

Kutali, cha kumsewu, nyimbo ya akhristu inali itayamba kumveka.

"Ndikweze ndione."

"Mugwa, amayi."

"Ndati ndikweze."

Anawagwira m'chiuno, Monika anagwira mtondo, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu n'kuima pamwamba. Maso awo anali ofooka, choncho anafufuza ndi zala. Anapeza pulasitiki ija. Anaisisita. Kenako dzanja linazungulira kuseri kwa mphanda, mbali imene Godfrey sanayang'ane m'mawa uja chifukwa chofulumira kukatsutsa mlongo wake.

"Nanga ichi n'chiyani?"

Godfrey anasuzumira. Kachitsa kouma, kotalika ngati chala, kokulungidwa ndi pulasitiki yoyezuka ndi dzuwa. Pambali pake kena. Pansi pang'ono kenanso, pulasitiki yake itafumbutuka. Anawerenga: zinayi. Zonse zodulidwa mopendekera kumanzere.

"Izi ndi zimene zinakanika," anatero Godfrey. "Chaka chatha, dzana lake, mpaka kumbuyo. Ankayesa chaka chilichonse, amayi. Kakauma, chaka chinacho amabweranso ndi kena. Aka kachisanu ndi kamene kagwira."

Iye mlangizi akanati afunsidwe, akanati dulani mtengowo, mukutaya nthawi. Buku lililonse likanatero.

"Julaye aliyense," a Magadalena anayankhula ngati akudziuza okha, "ankanola mpeni n'kusowa m'mawa wonse. Ndikafunsa, ati ndimakaona madzi kudimba. Madzi ake ati, obwera nawo ndowe m'zikhadabo?" Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Bambo wabodza ameneyu. Zaka zonsezi ine kumati anamuiwala mwana, anamuiwala Mulungu, anaiwala zonse."

Chala chawo chachikulu chinayenda pa tizitsa tija, kamodzikamodzi, monga chimayendera pa mikanda ya kolona, milomo ikugwedera. Chitafika pa kanthambi ka maluwa chinaima.

Nyimbo inali itafika pakhola. Patsogolo panali a Bonifasio atanyamula mtanda, kumbuyo amayi ambirimbiri, fumbi lili koboo.

"Tiwauze chiyani?" Monika anafunsa.

"Zimene wanena Godfrey. Zonse, ndi zinayi zoumazi." A Magadalena anapukuta nkhope ndi mkono. "Ndipo kolona tipemphera pompano. Amene akufuna kuwadziwa a Gerevazio akwere pamtondo, adzagwire ndi manja."

Sanatsike msanga. Anaona pamene Godfrey anakanda m'mawa uja, pulasitiki ili poyera, mphepo ikuwomba pabala la mtengo.

"Iwenso, kusiya ntchito ya bambo ako pamtunda. Patse dothi."

Godfrey anatapa dothi patsinde, Monika anathirapo madzi a m'botolo limene anatengera amayi. A Magadalena analikanya m'dzanja, n'kuyamba kumata pozungulira kanthambi kaja, pang'onopang'ono, kusamala kuti duwa ngakhale limodzi lisagwe.