Mimba Yaukalamba

Mimba inayamba kukula patatha zaka zitatu nditasiya kupita kumwezi. Siketi ndinakakulitsa kwa telala kawiri. Ndikangolawa chakudya ndakhuta, kukodza ndiye ngati ndalembedwa ntchito. Ana asanu ndinabereka ine, zizindikiro ndimazidziwa. Sindinauze munthu.

Masana pabenchi langa la kaunjika ndinkangosinza. Ndikatseka maso ndinkakaona: kamtsikana ka tsitsi lofewa, kakuyenda pamwamba pa milu ya malaya osaiphwetsa. Makasitomala ankangonyamula zovala pamtengo wawo, kwa ine amene sindichotsera ngakhale mlamu wanga.

Loweruka ndinalowa m'sitolo ya mankhwala ya pakona. Fani inkazungulira mwaulesi, dzuwa likudutsa m'mabotolo, ndipo ndinakaonanso kamtsikana kaja katakhala pasikelo, kakugwedeza timiyendo.

"Amayi, botolo la mpweya m'mimba lomwe lija?" anafunsa wogulitsa mankhwala, mtsikana wa magalasi, msinkhu wa mwana wanga woyamba. "Likhala lachinayi mwezi uno."

"Umawerenga mabotolo a eni? Lero ndipatse mapiritsi owonjezera magazi, aja amamwa oyembekezera."

"Ndi a mpongozi?"

"Mpongozi wanga amadzigulira yekha."

Sanaseke. Anandilowetsa kuseri kwa katani, n'kundifunsa pang'onopang'ono: kutupaku n'kwa tsiku ndi tsiku? Kwatha masabata angati? M'chinena mumapweteka? Anandipatsa kachipangizo koyezera mimba. Kanaonetsa mzere umodzi wokha: mimba palibe.

"Kako n'kakufa aka. Bweretsa kena."

"Ndibweretsa, amayi, koma mundimvere kaye. Ine si dokotala, ndipo mwina si kanthu koopsa. Kungoti khansa ya m'matumba a mazira imabwera chonchi, ngati mpweya, ngati mimba. Ikapezeka msanga amaigonjetsa. Mukaunikidwe kuchipatala."

Ndinayang'ana pasikelo kudzera pampata wa katani. Kamtsikanako kanali kakadali pompo, kakuyamwa chala.

"Mwezi wamawa," ndinatero.

"Lolemba."

"Lolemba ndimatsegula belo. Lachisanu, basi, osawonjeza."

"Lolemba."

"Iwe, pamsika sungakhalitse. Munthu amatsikako pang'ono."

"Pa zina zonse ndimatsika, amayi. Ndikulemberani kalata. Mupita ndi ndani?"

Ndinapita ndi mwana wanga woyamba, amene anakalipa njira yonse kuti ndinabisiranji. M'chipinda chounikira anandipaka mafuta ozizira pamimba. Pakanema panali mitambo yokhayokha, yoyera ndi yakuda, ikusuntha. Ndinafufuza m'mitambomo kamutu, kadzanja, chilichonse.

"Nenani, adokotala, musandizungulitse. Mulibe mwana?"

"Mulibe, mayi. Muli chotupa. Tiyezenso magazi, ndipo chifunika kuchotsa."

Mwana wanga anandigwira phazi. Ndinatseka maso, ndinadikira, koma kamtsikana kaja sikanabwere.

"Liti?" ndinafunsa.

"Lachinayi sabata yamawa."

"Palibe Lachiwiri?"