Mabedi Awiri a Mayi Sindichotsera

Chipepala chimene boma linamata pakhoma la ofesi ya zaulimi chinkati ngalande ya kumunsi izilandira madzi tsiku limodzi pa sabata, kwa zaka khumi zikubwerazi. Mayi ena olima anyezi, amene kumsika ankawatcha a Sindichotsera, sankatha kuwerenga, ndiye anawawerengera mpongozi wawo. Anamuuza kuti abwereze, mwina walumpha mzere. Sanalumphe. Mabedi awo a anyezi makumi atatu akanauma onse.

Analowa mu ofesi osaodira. Mlangizi wa zamadzi anawapatsa mpando, iwo n'kukana, amvekere sanabwere kudzacheza.

Mlangiziyo anafotokoza modekha kuti mtsinje ndi umodzi koma okumwa ndi ambiri: tauni ya kumtunda, chipatala, olima mpunga, ng'ombe za maboma atatu. N'chifukwa chake boma linawerenga onse chaka chatha, kuti ligawe madzi moganiziranso zaka za m'tsogolo. Kenaka anatsegula kaundula.

"Mayi, apa munatiuza kuti muli ndi mabedi awiri."

A Sindichotsera anakumbukira bodza lawo. Kumsika suuza mlendo kuchuluka kwa katundu wako, ndiye owerenga atabwera iwo anabisa, poganiza kuti ndi za msonkho. Analangizanso anzawo onse a m'ngalandemo kuti atero. Mpongozi anangoyang'ana pansi, akulimbana ndi phwete.

"Chabwino, mwanawe. Ndipatseni masiku anayi. Atatu ndiye mtengo womaliza."

"Pano si pamsika, mayi," anatero mlangizi akumwetulira. "Tsiku limene ndingakuwonjezereni mobisa ndalanda kwa wina."

Koma anawauza kuti chipepalacho sichinali chomaliza. Panali mwezi wathunthu woti anthu adandaule, kenaka msonkhano wa onse ogwiritsa ntchito mtsinjewo. Chofunika n'kubwera ndi chiwerengero choona.

Mawa lake mayiwo anayenda dimba ndi dimba, mpongozi ali pambuyo ndi kope. Wolima kabichi woyandikana nawo anawafunsa ngati si iwo omwe ankati tibise.

"Ndine ndemwe, achimwene. Ndinalakwitsa. Werengani mabediwo, dzuwa likupita."

Kumsonkhano anaimirira n'kuvomera pagulu kuti ananama. Alangizi anapita kukaona madimbawo, n'kupeza kuti chiwerengero chatsopanocho chinali choona. Olima mpunga analolera kusinthana masiku, ndipo ngalande ya kumunsi inapatsidwa atatu. Anagwirizananso kuti damu laling'ono losunga madzi a mvula limangidwe m'chaka chachitatu cha zaka khumizo. A Sindichotsera anayesa kukankhira pa anayi, koma atamva kuti tsiku lachinayilo ndi la chipatala, anakhala pansi. Chaka chimenecho anyezi anabereka mpaka madengu kuchepa.

Boma limagawa madzi a mawa potengera zimene mwaliuza lero. Owerenga akafika, nenani zoona, ndipo mapulani akamatidwa pakhoma, pitani mukawamve nthawi yodandaula isanathe.