Firiji pa Maliro a ku Thabwa

1.
Masamba pamsewu. Maliro. A Kaliwo anaponda mabuleki, lole n'kuima. Kumbuyo injini ya firiji osaleka: gu-gu-gu-gu.

2.
Ndaona, mlamu wawo wosakhazikika, anali atakwera ku Limbe. Kopita kwenikweni analibe.
Alamu, mwanyamula nsomba?
Nsomba zako zomwezo. Mankhwala a kufakitale. Peroksaidi.
Ndiye amafuna firiji ngati mowa wa abwana?
Akafunda amadziphika okha. Kutentha kubala kutentha. Sadikira machesi, amangophulika.

3.
Kagalasi ka nambala koonetsa kutentha kwa m'firiji, pafupi ndi chiwongolero: 8. Mzere wofiira uli pa 20. Panja, dzuwa la Okutobala, phula likuchita kufewa.

4.
Mkulu wa adzukulu, khasu paphewa, anagogoda chitseko.
Adalaivala, thimitsani chiphokosocho. Bokosi likudutsa.
Pepani bambo, sizitheka.
Kwanu safa?
A Kaliwo anathimitsa.

5.
Zii. 9.

6.
Bokosi silinadutse. Linaima pamsewu penipeni, moyang'anana ndi chigayo chotseka. Ndaona anasuzumira: akudikira chiyani? Anaona
amayi a mvano
njinga zokankhidwa
zipewa m'manja
12
mlaliki akutsegulanso Baibulo
thukuta la a Kaliwo
15.

7.
Alamu, ikafika pa 20?
Maliro achuluka.
Sadikira machesi?
Sadikira machesi.

8.
Ndaona anatsika, n'kubwereka chitenje kwa mayi wogulitsa mango, n'kudutsa pakati pa anamfedwa akumuyang'ana ndi diso loti mwana wa m'tauniyu ngwamisala, n'kukagwada pamaso pa mayi wamasiye, n'kuyamba kufotokoza za mankhwala odziphika okha amene iye mwini sanawaonepo, za mzere wofiira, za kutentha kobala kutentha, mawu akumuthawa, 17 ikulira m'mutu

9.
Mayiyo anatukula mutu.
Kodi wathimitsa uja ndani?
Adzukulu anayang'ana pansi.
Amuna angawa agaya chimanga pano zaka makumi atatu. Tinaima kuti chigayo chawo chiwalirire komaliza, koma magetsi kulibe chidzulo. Nditamva gu-gu-gu ndinati, Mulungu watumiza china. Inu n'kuchitseka pakamwa! Kauzeni adalaivala alize.

Gu-gu-gu-gu. 18. 18. 17.

Bokosi linanyamuka.